Kamera ya Maso Awiri

Chiperoni chikatsikira pa Limbe, tauni yonse imafunda bulangeti lotuwa. Phiri la Soche limasowa, la Mpingwe limasowa, madenga a masitolo amatuluka m'nkhungu n'kubwereramonso. Mvula yake si yothawa. Imangowaza, imangonong'ona pa malata, imangolowerera m'khosi mwa malaya munthu osadziwa. Anthu amayenda atafinya mapewa, manja m'khwapa, maso pansi. Koma tsiku limenelo, pakati pa khamu loyang'ana pansilo, panali munthu mmodzi woyenda nkhope ili m'mwamba. Anali mayi Elufe Nangondo a ku Bangwe.

Mayi Nangondo ankachokera ku chipatala cha maso ku Blantyre, kumene adokotala anawaunika n'kuwauza kuti diso lachiwiri nalonso lapola bwino. Ng'ala inali itawakhala zaka zambiri. Inabwera mwakachetechete ngati utsi wa nkhuni zaziwisi. Poyamba inawalanda bowo la singano, kenako mizere ya m'buku la nyimbo, kenako nkhope za anthu, mpaka dziko lonse linangoti mbuu: m'mawa mbuu, masana mbuu, dzuwa likapendeka bii. Makina awo osokera, amene analerera ana onse, anavundikiridwa chitenje pakona. Tsopano ng'alayo inali itachotsedwa, diso limodzi kaye, linalo pambuyo, ndipo mayiwo ankayang'ana zinthu monga mmene munthu waludzu amamwera madzi, osapumira.

Anaona manachesi ataunjikidwa pa thumba la wogulitsa, ali psuu pakati pa kutuwa konseko. Anaona madontho atandanda pa waya wa magetsi, lililonse lili ndi kanyali kake m'kati. Anaona kuti khwangwala amavala kolala yoyera mbee, chinthu chimene anali atachiiwala kalekale. Anaona zilembo, zilembo paliponse, pa zikwangwani, pa maminibasi, pa matumba a feteleza, ndipo milomo yawo inkagwedera poziwerenga ngati ya mwana wa sitandade wani.

Pa chigongono chawo panali dzanja la Mwandida, mzime wawo. Dzanjalo linazolowera pamenepo. Ndilo linkawatsogolera ku tchalitchi, ku maliro, ku bafa, ku chipatala, ndipo ngakhale tsopano silinkafuna kuchokapo.

"Amayi, pali ngalande apa. Kwezani mwendo."

Ngalandeyo mayi Nangondo anali atayiona kale, pamodzi ndi chitsekerero cha botolo chimene chinkayandama m'menemo, koma anangokweza mwendo. Chimene chinkawadya mumtima chinali china. Ku Mzuzu kunali mnyamata wa ku Mzimba, Gomezgani, wokonza zigayo, amene anafunsira Mwandida mbeta kalekale. Ankhoswe anakumana, mawu anagwirizana, koma tsiku la ukwati linkangosunthira patsogolo chaka ndi chaka, chifukwa kukwatiwa kumpoto n'kusamuka, ndipo Mwandida sakanasiya amake mu mdima. Dzulo lake mayiwo anamumva akulankhula pa foni kuseri kwa nyumba, mawu atawatsitsa: "Dikiraninso pang'ono. Amati akuona, koma amangonena kuti ndisadandaule. Ndimawadziwa amayi anga." Kenako anakhala nthawi yaitali akungoti halo, halo, ngati wa mbali inayo mawu amuthera. Mtima wa munthu si mwala. Ngakhale wodekha chotani, umatopa kudikira. Koma akanamutsimikizira bwanji mwana amene anazolowera kumva amake akunena kuti ali bwino pamene sali bwino?

Ankadutsa m'khonde lalitali la masitolo, kulowera kokwerera maminibasi a ku Bangwe, pamene mayi Nangondo anaima njii. Pa windo lina panali maso. Maso agalasi, aakulu ndi aang'ono, atayalidwa pa nsalu yakuda. Ena obiriwira m'kati ngati nthenga za m'khosi mwa bakha, ena ofiirira ngati uchi, ena akuya bii ngati chitsime. Onse ankayang'ana mumsewu, phee, osaphethira.

"Tilowe umu."

"Amayi, ndi mogulitsa makamera umu. Tikagulamo chiyani ife?"

"Sindinati tikagule. Ndati tilowe."

M'katimo munali mofunda, muli zii. Phokoso la tauni linatsalira pa chitseko. Munkanunkhira chikopa chakale, chitsulo, ndi tiyi wa mandimu amene ankafuka nthunzi pa kauntala. Kuseri kwa kauntalayo kunali bambo wa ndevu zotuwa ndi kofiya woyera, atawerama pa galasi la kamera, akulipemerera ndi kampira kopopera mphepo, fu, fu, fu. Anali Che Sumani, eni sitoloyo, amene anakalambira pakati pa makamera monga mmene mlimi amakalambira pakati pa mizere. Anadzutsa mutu, nawalonjera, nafunsa chimene angawathandize.

"Tangobwera kudzaona, bambo," anatero Mwandida mwamanyazi. "Amayiwa angochotsedwa ng'ala. Chilichonse akufuna achione."

Che Sumani anaika kampira kaja pansi, nawayang'ana mayiwo kwa kanthawi, nkhope yawo ikumasuka.

"Ndiye mwalowa pakhomo poyenera, amayi. Muno ntchito yathu ndi kuona basi. Onani mpaka mukhute."

Ndipo anaona. M'kabati yagalasi munali makamera atsopano, akuda bii, osalala, onyezimira, opanda ngakhale chidindo cha chala. Ena anali akadali m'makatoni awo ngati makanda amene sanatuluke m'chikuta. Kumbuyo kwawo kunali timagalasi toonetsa chithunzi pompopompo, ndipo mabatani awo anali ochuluka ngati nyerere pa shuga. Mayi Nangondo anawasirira monga mmene munthu amasirira galimoto ya eni, ali patali, manja ali kumbuyo.

Pa mashelefu apakati panali ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo awa ndiwo anawakoka mtima, chifukwa anali ndi zipsera ngati anthu. Kamera ina inali yoperepeseka m'makona, utoto utachoka mpaka chitsulo chachikasu kuonekera. Ina lamba wake anali atada ndi thukuta. Che Sumani anati imeneyo inayenda maukwati a ku Thyolo ndi ku Mulanje pa njinga yakapalasa, ndipo akwatibwi amene inawaona akuwerama mwamanyazi lero ali ndi zidzukulu. Ina inali ya mtolankhani wopuma pantchito, yobenthuka pamene inagwera pa bwalo la mpira chigoli chitalowa. Iliyonse inali ndi malo osalala pamene chala cha mwini wake chinkakhala, ndipo mayiwo, amene ankadziwa mmene lumo limatengera mawonekedwe a dzanja, anasisita malowo mwaulemu.

"Kaunjika wa makamera," anatero chapansipansi.

Che Sumani anaseka mpaka kofiya kupendekeka.

Pamwamba penipeni, pafupi ndi denga, panakhala akuluakulu. Makamera amakedzana, ena amatabwa omangidwa ndi mkuwa m'makona, ena a mimba yopindapinda ngati mvukuto wa wosula makasu, ina nsalu yake yakuda yofunda wojambula ikadali lendee. Pakona panaima zoimikira za miyendo itatu, zowonda, zodekha, ngati akakowa m'dambo. Kuwala kotuwa kochokera pa windo kunkayenda pa zonsezi pang'onopang'ono, kukhudza galasi ili, kudumphira pa ilo, kusiya kadontho ka buluu apa, kadontho ka golide apo. Ngakhale fumbi linali lokongola. Linkavina m'munsi mwa nyali ya pa kauntala, kukwera, kutsika, waliwali, ndipo mayi Nangondo, amene moyo wawo wonse analimbana ndi fumbi ndi tsache, anaima n'kumalionerera ngati gule.

Che Sumani anatenga kamera ya galasi lalitali ngati munsi, la anthu ojambula mbalame ku Liwonde, nayikhazika pa miyendo itatu ija, nayilozetsa kunja kudzera pa chitseko. Mayiwo anaika diso. Tsidya la msewu linalumpha n'kudzawagwera pamphuno. Anadzidzimuka, nabwerera m'mbuyo, naseka, naikanso diso. Pakhonde la tsidyalo panali telala wachikulire atavala chisoti chaubweya. Anamuona akunyowetsa ulusi ndi milomo, akutsinzina diso limodzi, akulasa singano, kuphonya, kuyesanso.

"Tsitsa pang'ono, mnzanga," ananong'ona. "Pang'ononso. Eya, walowa."

Kenako Che Sumani anawaonetsa galasi lina lotukuka, ndipo sitolo yonse inapindika ngati m'kati mwa chipanda. Mashelefu anakhota, denga linawerama, mphuno ya eni sitolo inasanduka mbatata. Mayi Nangondo anaseka mpaka kugwira kauntala, kuseka kwa utsikana, kwa kumtsinje, kumene Mwandida anali asanakumvepo. Mwandida nayenso ankamwetulira, koma kumwetulira kwake kunali kwa munthu amene akuonerera mwana akuyenda pamwamba pa khoma. Dzanja lake linali tcheru, lokonzeka kuwakha.

Ndiye maso a mayiwo anagwera pa kabokosi kena kakuda, ka makona anayi, kokhala ndi maso awiri, lina pamwamba pa linzake. Sikanali konyezimira ngati atsopano aja, sikanali kodzitama ngati amatabwa aja. Kanangokhala duu pa shelefu, chikopa chake chitasupuka pang'ono m'mbali.

"Nanga aka ka maso awiri?"

Che Sumani anakatsitsa ndi manja onse awiri. Anati kanachokera ku situdiyo ina ya ku Zomba imene inatsekedwa mwini wake atakalamba, ndipo anali atangokakonza n'kuikamo filimu yoyesera.

"Diso lapamwambali ndi lanu, lapansili ndi la filimu. Koma iyi ndi yovuta, amayi. Zina zija zimadzipezera zokha chimene zikujambula. Iyi imadalira diso la woigwira. Diso likanama, chithunzi chimatuluka nkhungu yokhayokha."

Mayi Nangondo anayang'anitsitsa kabokosiko.

"Mukuti diso likanama, imaulula?"

"Imaulula. Sisunga chinsinsi."

"Amayi, maso atopa. Tiyeni tizipita," anatero Mwandida.

"Kaime apo pa chitseko, pamene pali kuwalapo."

"Amayi, adokotala anati..."

"Kaime, Mwandida."

Anapita monyinyirika, naima pa chitseko atapinda manja. Che Sumani anawakoleka mayiwo lamba m'khosi, kabokosi kanatsamira pamimba, natsegula kachivundikiro ka pamwamba. Anawauza kuti ayang'ane pansi, ngati akusuzumira mumtsuko.

Anasuzumira, ndipo mtima unawagunda ngati mtondo. M'kagalasi ka m'katimo munali nkhungu. Mbuu yemwe uja, mbuu wa zaka zonse zija, ndi chinthu chofiirira chikugwedezeka pakati pake, chopanda mphuno, chopanda maso.   Mwina ng'ala yabwerera. Mwina manachesi aja, khwangwala uja, fumbi lovina lija, zonse zinali zongobwereka, ndipo mwini wake wabwera kudzatenga.

"Musaope," anatero Che Sumani motsitsa mawu. "Si inu, ndi kamera. Potozani kagudumu ka m'mbalika, pang'onopang'ono."

Zala zimene zinazolowera gudumu la makina osokera zinakapeza zokha. Anapotoza. Nkhungu inayamba kuphwa ngati madzi a m'dambo. Chofiirira chija chinasanduka juzi. Pamwamba pa juzi panamera khosi, chibwano, milomo. Anapitirira, nkhope n'kusungunukanso. Anabwerera pang'ono, pang'ononso, ndipo Mwandida anatulukira ngwee, yense wathunthu, m'kagalasi kokwana pa chikhatho, kumbuyo kwake mvula ikuwaza ngati gaga wouluka pa lichero.

Munthu wokutsogolera amakhala pambali pako. Umamva mpweya wake, umadziwa kulemera kwa dzanja lake, koma nkhope yake suiona. Ngakhale chichotsereni ng'ala, Mwandida sankakhala malo amodzi. Akachoka pa mbaula, ali pa mpopi, akachoka pa mpopi, ali pa chigongono. Nkhope imene mayi Nangondo ankasunga mumtima inali ya mtsikana wa yunifolomu, wa masaya odzaza, wothamangira belu. Koma amene anali m'kagalasimu anali mayi wokhwima, wamtali, wokongola, wa maso aakulu ngati a malemu bambo ake. Pakati pa nsidze zake panali timizere tiwiri, timizere ta munthu amene wakhala akuyang'ana njira m'malo mwa anthu awiri. Mayiwo anayang'ana, nayang'ana, ndipo chimwemwe ndi chisoni zinalowa pamodzi ngati alendo obwera pa njinga imodzi.

"Batani lachiwiri la juzi yako wasokera ndi ulusi wakuda," anatero, mutu udakali chowerama. "Nsalu yofiira, ulusi wakuda. Anakuphunzitsa zimenezo ndani?"

Mwandida anayang'ana pachifuwa, naseka pang'ono. "Mwina munaligwira kunyumba."

"Ndolo ya khutu lamanzere ilibe kamwala kake."

Mwandida anakweza dzanja, nagwira khutu lamanzere. Kamwala kanalipo. Nkhope yake inagwa, ndipo anawayang'ana amake ndi chifundo chija chimene mayiwo ankachimva m'mawu zaka zonse, lero n'kuchiona ndi maso.

"Kalipo, amayi. Palibe kanthu. Adokotala anati zimatenga nthawi."

Che Sumani anatsokomola pang'ono.

"Achemwali, kamera iyi imatembenuza zinthu ngati galasi lodziyang'anira. Lamanja limaoneka lamanzere. Tagwirani linalo."

Mwandida anagwira linalo. Chala chinaima. Anavula ndoloyo, nayiika pa chikhatho, nayiyandikitsa kumaso. Pamene pankakhala kamwala panali kabowo kochepa ngati njere ya mawere, ndipo iye mwini sankadziwa n'komwe kuti kamwalako kanagwa liti. Anayang'ana kabowoko, nayang'ana amake amene anali kutali, mbali ina ya sitolo, nayang'ananso kabowoko. 

Che Sumani anawerama, nasuzumira m'kabokosi muja pamwamba pa phewa la mayiwo.

"Nsidze zikuwerengeka, amayi. Palibe choti ndikonze. Dinani kabatani ka pansipa."

"Dikirani ndipukute kumaso," anatero Mwandida.

"Usapukute. Ndikufuna chomwecho."

Khethe. Kaphokoso kakang'ono, ngati kuthyoka kwa mtengo wa machesi. Mayi Nangondo anadzutsa mutu, nayang'ana mwana wawo maso ndi maso, popanda galasi pakati.

"Umuimbire Gomezgani. Ankhoswe atchule tsiku mvula ya dzinja isanagwe. Diresi ndisoka ndine."

"Nanga inu mudzatsala ndi ndani?"

"Azakhali ako ali kuseri kwa mpanda. Amayi a Mvano alipo. Ndipo basi ya ku Mzuzu ili ndi chikwangwani. Ndikakusowa, ndidzachiwerenga ndekha. Wandiyendetsa mokwanira, mwanawe. Yenda yako."

Mwandida anaphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo chimene chinatuluka sichinadziwike ngati ndi kulira kapena kuseka. Anathamanga, nawakumbatira amake, kabokosi ka maso awiri katapanikizika pakati pawo. Che Sumani anatembenuka, nayamba kupukuta shelefu imene inali yopukuta kale. Tiyi wawo anali atazizira, koma anamumwa choncho, akumwetulira m'kapu.

Atawavula lamba, anawauza kuti filimu imafuna kutsukidwa, choncho chithunzi adzachitenge sabata yamawa.

"Ndibwera ndekha," anatero mayi Nangondo.

Mwandida anawatsegulira chitseko, nawasiya kuti atsogole.

Panja chiperoni chinali chitayamba kung'ambika. Dzuwa linapeza kabowo m'mitambo n'kuthira kuwala mumsewu, phula lonse nyezinyezi, zithaphwi zonse zitanyamula thambo. Malata ankafuka nthunzi. Maambulera ankapindidwa imodzi imodzi, ndipo anthu amene ankayenda choweramira anayamba kudzutsa mitu. Mayi Nangondo sanalowere kokwerera maminibasi. Anapitirira zitseko zingapo m'khonde lomwelo, nalowa m'sitolo ya nsalu, napempha zoyera zosokera diresi ya ukwati.

Wogulitsa anatsitsa mipukutu, naigwetsa pa kauntala, nanena kuti asavutike kusankha, yoyera ndi yoyera basi. Mayiwo anapukusa mutu, namupempha kuti ainyamulire pa khomo. Pamenepo, pa dzuwa latsopanolo, nsaluzo zinaulula mitundu yake. Ina inali yoyera ngati mkaka, yopendekera ku chikasu. Ina inali yoyera ngati ufa wowanika pa mphasa, yofatsa, yosathobwa m'maso. Ina inali yoyera ngati thonje longophulika kumene ku Chikwawa, mbee, yokhala ndi timaluwa tolukidwa m'kati timene tinkaoneka pokhapokha nsaluyo ikapendekeka. Anazigwira imodzi imodzi, kuzitambasula, kuzikweza, kuziyang'ana kutsogolo ndi kuseri, osafulumira, monga munthu amene zaka zamubwezera ngongole ya kuwala ndipo akufuna kuidya pang'onopang'ono.

Kumbuyo kwawo, pakhonde, ankamva mawu a Mwandida pa foni, akusweka ndi chimwemwe.

"Monire. Eya, ndine. Ayi, palibe chovuta. Muli pantchito? Tazimitsani chigayocho kaye, mumve bwino."

Kamphepo kanadutsa m'khondemo n'kunyamula nsalu ya timaluwa ija, ndipo inafufuma m'manja mwawo, kuwala kukuyenda pamwamba pake ngati madzi, timaluwa tikutuluka, tikubisala, tikutulukanso. Mayi Nangondo anaigwira bwino, naipereka kwa wogulitsa.

"Iyi," anatero. "Ndipo mudule mosaumira. Mkwatibwi wake ndi wamtali, ndamuona ndekha."